Munda wamasiye ku Ireland ndi ndalama za boma zobzalira mitengo

Mayi wina wa ku Malawi amene akukhala ku County Roscommon, m'dziko la Ireland, wandilembera kalata. Amuna awo, omwe anali mbadwa ya ku Ireland, anamwalira chaka chatha n'kuwasiyira munda wa mahekitala asanu ndi limodzi, ndipo akufuna kudziwa ngati boma lingawapatse ndalama zobzalira mitengo ngakhale kuti mundawo ndi wamasiye komanso iwo sanalimepo.

Mayi, choyamba pepani maliro. Kulandira malo ngati chuma chamasiye sikukulepheretsani kufunsira thandizoli. Pa ndondomeko ya nkhalango ya 2023 mpaka 2027, unduna wa zaulimi umalipira ndalama zobzalira m'magawo awiri, gawo lalikulu mukangobzala ndipo lotsala patatha zaka zinayi mitengo ikagwira bwino. Pamwamba pake pali ndalama ya chaka ndi chaka, imene pa mitengo yachilengedwe ya dzikolo imakwana mayuro 1,103 pa hekitala.

Vuto lanu lili pa mapepala. Kwathu mfumu ndi akubanja akavomereza kuti munda ndi wanu, nkhani yatha, koma kumeneko unduna umayang'ana dzina lolembedwa m'kaundula wa malo wa Tailte Éireann. Ngati likadali la malemu, loya wanu ayambe watsiriza nkhani ya probate, yomwe ndi chilolezo cha khoti chogawira chuma chamasiye, kuti umwini usinthidwe, chifukwa ndalama sizingatuluke kwa munthu amene sanasonyeze kuti malowo ndi ake.

Pali chinanso chimene ndikufuna mudekhe nacho. Mlimi amalandira ndalama ya pachaka kwa zaka 20, pamene amene si mlimi amalandira kwa zaka 15 zokha, ndipo unduna umayesa ulimi wa munthu poona ngati ali pa ndondomeko ya BISS yothandizira alimi. Zaka zisanu zimenezo, pa mahekitala asanu ndi limodzi, ndi mayuro oposa 33,000. Choncho musanabzale mbande ngakhale imodzi, kaonaneni ndi mlangizi wa nkhalango wa bungwe la boma lolangiza alimi la Teagasc, amene salipiritsa, ndipo mutenge nambala imene unduna unapatsa amuna anu monga woweta ziweto ndi makalata onse a BISS kuti akuuzeni mbali imene muli.

Kalata yofunsira imapita kudzera mwa katswiri wa nkhalango wovomerezeka ndi unduna, ndipo wobzala chilolezo chobzalira chisanatuluke amataya thandizo lonse.

Ine ndikanakhala inu sindikanathamangira kubzala munda wonse. Lamulo la nkhalango la 2014 limafuna chilolezo podula mitengo, ndipo nthawi zambiri wodulayo amalamulidwa kubzalanso, kutanthauza kuti malowo sabwereranso kukhala msipu wa ng'ombe ngakhale ndalama za pachaka zitatha. Ngati ana anu angadzafune kuweta, yambani ndi hekitala imodzi pa ndondomeko yobzala mitengo yachilengedwe pa malo ochepa ya Native Tree Area Scheme, imene siifuna chilolezo chachikulu chobzalira chija, ndipo kwinako mubwereketse kwa mlimi woyandikana nanu mpaka mapepala atakonzeka.