Juwisi wa matimati kapena tsabola: yankho kwa mayi wa ku Zomba

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti amawapangira amuna awo juwisi wa matimati m'mawa, koma bambowo amakana, ati tsabola wa kambuzi amene amadyera nsima ali ndi vitamini C wambiri kuposa matimati. Mayiwo akufunsa ngati zimenezi n'zoona, komanso chabwino n'chiti kwa munthu wodwala BP.

Mayi, amuna anuwo sakunama. Magalamu 100 a tsabola wofiira wowawa, wosaphika, amakhala ndi mamiligalamu oposa 140 a vitamini C, pomwe matimati olemera chimodzimodzi amakhala ndi pafupifupi 14 basi. Ngakhale lalanje limachepera tsabola. Wasayansi wa ku Hungary, Albert Szent-Györgyi, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1937, ankatenga vitamini C wochuluka kuchokera mu tsabola wa paprika wa mumzinda wa Szeged.

Koma ndani angamalize magalamu 100 a kambuzi pa nsima imodzi? Apa ndi pamene pagona nkhani. Katsabola ka magalamu 5 kamapatsa thupi mamiligalamu 7 okha, pomwe tambula yodzaza ya juwisi wa matimati akupsa imapereka 30 kapena kuposerapo. Ndipo ngati tsabolayo ndi woyanika padzuwa n'kusinja, vitamini C wambiri anathera pa mphasa pomwepo.

Matimati alinso ndi zina zimene katsabola kamodzi sikangafikepo. Tambula imodzi ili ndi potaziyamu wokwana mamiligalamu 500, ndipo potaziyamu amathandiza kuti magazi asamathamange kwambiri. Mulinso lycopene, amene amachititsa matimati kufiira. Thupi limamulandira bwino matimati akaphikidwa ndi timafuta pang'ono, choncho supu wa ndiwo amene mumakazinga tsiku ndi tsiku musamamupeputse.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mchere. Juwisi wa matimati wogula m'sitolo nthawi zambiri amathiramo mchere wambiri, mwina sodiyamu (amene amapezeka mu mchere) woposa mamiligalamu 600 pa tambula, pomwe bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike 2,000 pa tsiku. Kwa bambo wa BP, zimenezo n'kuthira mafuta pamoto. Pitirizani kupanga nokha, osathira mchere. Ngati adokotala anawauzapo za vuto la impso, afunseni kaye adokotalawo za juwisiyu, chifukwa impso zofooka zimalephera kutulutsa potaziyamu wochuluka.

Tsabola musawalande ayi. Kuwawa kwake kumachokera ku capsaicin, amene amachuluka pa kamnofu koyera kogwira njere m'kati. Ndiwo zikakhala ndi tsabola, anthu ambiri safuna mchere wochuluka, ndipo ineyo ndimaona kuti phindu lake lalikulu kwa amuna anu lili pamenepa. Tsabola sayambitsa zilonda zam'mimba monga timamvera. Kawirikawiri zimayamba ndi kachilombo ka H. pylori kapena mankhwala ena opha ululu. Kungoti kwa munthu wovutika ndi chilungulira, tsabola ndi juwisi wa matimati zonse ziwiri zikhoza kumuwonjezera moto pachifuwa.

Ngati bambowo sakonda kumwa juwisi m'mawa kumimba kulibe kanthu, asiyeni. Adulireni matimati osaphika ndi anyezi, muduliremo kambuzi wawo, muike pambali pa nyemba masana. Vitamini C wa m'menemo amathandizanso thupi kutenga ayironi wa mu nyembazo.