Funsani Amisiri: Maluwa a Kutchire pa POP

FUNSO: Ndinaona chokongoletsera pakhoma la ofesi ina ku Kasungu boma, choyera ngati choko, maluwa ake otumphuka. Akuti ndi pulasitala. Ndayesa kumata maluwa a deliya ndi simenti, koma changotuluka chiphala. Amapanga bwanji? — Mayi wa ku Santhe

YANKHO: Mayi, simentiyo isiyeni. Mukapita kushopu ya zomangira mukanene kuti POP, kutanthauza Plaster of Paris, ufa woyera womwe uja umalimbitsa chikhakha cha munthu wothyoka fupa. Mukangoti pulasitala akupatsani zina. Ndiponso duwalo silitsala m'kati. Chimene munaona chija ndi chidindo chake chabe.

Pezani dothi la mtapo loumbira mbiya, muchotse timiyala ndi mizu, mulikande mpaka lisamamatirire kuchala komanso lisamang'ambike. Liyaleni pathabwa lokutidwa ndi pepala la pulasitiki, mulisalaze ndi botolo, lichindikale masentimita 2. Yalanipo maluwa, masamba muwayang'anitse pansi mbali imene mitsempha yake imaonekera. Phimbani ndi nsalu yopyapyala, muyendetsepo botolo kawiri kapena katatu. Kenako zulani zonse, kuyambira kuphesi. Tizidutswa totsalira, makamaka njere za chisoso, mutokose ndi singano.

Deliya ndi wovuta kuyambira, chifukwa pakati pake n'ponenepa ndipo amasiya dzenje. M'duleni kumbuyo ndi lezala aphwatalale. Zosavuta ndi ngala za udzu, chisoso, luni, bonongwe ndi masamba a mombo, ndipo zimachuluka kuyambira Malichi mpaka Meyi. Thyolani m'mawa, mugwiritse ntchito tsiku lomwelo, pakuti duwa lofota limangopindika. Kumunda ndi m'mbali mwa msewu zilipo zokwanira. Za mu Kasungu National Park malamulo salola kuthyola.

Tsopano khomani timatabwa tinayi, m'kati mukhale masentimita 20 ndi 25. Tikanikizeni padothipo ndipo kunja konse mumate ndi dothi, apo ayi POP adzakuthawirani pansi. Pamuyeso umenewu mufunika kilogalamu 1 ya POP ndi madzi ozizira mamililita 700. Mukasakaniza, thirani kaye pang'ono padothipo, mupendeke thabwa uku ndi uku kuti alowe m'timitsempha tonse, mugogode m'mbali thovu likwere. Onjezani kufika theka, yalani chiguduli chonyowetsa, chonga chokutira mabelo a fodya chija, n'kutsiriza wotsalayo. Musanaiwale, mizani waya wopinda wopachikira. Pakatha ola limodzi tembenuzani, musende dothi pang'onopang'ono. Lotsalira mulitsuke mawa lake ndi burashi yofewa. Mukafuna kulemba dzina padothi musanathire POP, dziwani kuti zonse zimatuluka motembenuka ngati pagalasi.

FUNSO: Ndinayesa ndi ana a Sitandade 7 paphunziro la Expressive Arts. Gulu lina POP anaumira m'beseni tisanathire, gulu lina chinatuluka chofumbutuka, chodzaza timaenje. Tinalakwitsa pati? — Mphunzitsi wa ku Mtunthama

YANKHO: Aphunzitsi, mavuto onse awiri ayambira m'beseni. POP amapangidwa powotcha mwala wa gypsum kuti madzi ake ambiri achoke. Mukamubwezera madzi amabwerera kukhala mwala, ndipo sadikira munthu: nthawi yogwirira ntchito ndi mphindi 10 zokha mwina kucheperapo. Madzi ofunda, monga amene akhala padzuwa m'ndowa, amafulumizitsa. Kutakasa kwambiri ngati mukuvundula nsima nakonso. Koma chimene chimapusitsa ambiri ndi beseni lokhala ndi zouma za gulu loyamba, chifukwa timibulu timeneto ndi timene timayambitsa kuuma msangamsanga. Gulu lililonse liyambe ndi beseni loyera.

Yambani ndi madzi, ufa pambuyo. Wazani ndi dzanja mpaka ufawo uyambe kutsalira pamwamba ngati kachilumba, mudikire mphindi ziwiri unyowe wokha, kenako mutakase chamunsi modekha. Akhale ngati phala la mwana. Akayamba kulimba musawonjezere madzi, mungotaya.

Chofumbutukacho ndiye kuti madzi anachuluka, kapena ufawo ndi wakale woti unakoka chinyezi. Pogula pisani dzanja m'thumba. Mukapeza mibulu yosaphwanyika ndi zala, lisiyeni. Timaenje ndi mpweya umene unatsekeredwa pothira mothamanga.

Chenjezo lalikulu n'la anawo. POP amatentha akamauma. Mwana asamizemo dzanja kuti aone chidindo cha zala, chifukwa likagwidwa limapsa koopsa. Powaza ufa avale zotchinga pamphuno, ndipo zotsala musathire musinki, zimatseka mapaipi.

FUNSO: Changa chinatuluka bwino, koma penti akusendeka ndipo pamwamba patuluka banga lofiira. Ndikufunanso kumatapo mikanda ndi zidutswa za chitenje. — Mnyamata wa ku Chamama

YANKHO: Achimwene, munafulumira. Kulimba si kuuma. Chiimikeni pamthunzi podutsa mphepo kwa sabata imodzi, nyengo ya mvula ngakhale awiri. Chigunditseni patsaya: chikamazizirabe, madzi akadalimo. Banga lofiiralo ndi dzimbiri la waya wachitsulo wamba. Ulendo wina ikani wa kopa kapena wa aluminiyamu.

Chikauma, sungunulani guluu woyera wa akalipentala, muyeso umodzi m'miyeso inayi ya madzi, mupake kamodzi. Penti akhale wa madzi, wosungunula kwambiri. Pakani, kenako pukutani pamwamba ndi kansalu kuti mtundu utsalire m'mitsempha mokha. Ife timaona kuti penti wochindikala amangokwirira zonse zimene dothi linajambula. Mikanda, nsalu ndi ngala zouma za udzu mumate pomaliza ndi guluu yemweyo wosasungunula, makamaka m'mphepete, duwa lisasowe. Ndipo muchipachike m'nyumba, osati pakhonde, chifukwa mvula imadya POP pang'onopang'ono.