Unauma manja kuwodi, ndiye ukufuna kusiya unamwino?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wa chaka chachiwiri pa maphunziro a unamwino. Akuti: "Ndili kuwodi usiku, anabwera nawo bambo wina wa mphumu akubanika, chifuwa chikulira ngati mluzu. Ndinangoima chilili, manja ali njenjenje. Ndikufuna kusiya, koma makolo akuti ndipirire kuti ndidzagwire ntchito kunja."

Makalata otere sandidabwitsanso. Mwanawe, chinakuumitsa si mantha okha. Sunadziwe choyambira, ndipo chimenechocho chimaphunziridwa.

Wobanika ndi mphumu sagonekedwa chagada. Mukhazike tsonga, awerame pang'ono, ndipo usamusiye yekha. Uku ukuitana wamkulu wako, werenga kapumidwe ndi kugunda kwa mtima, umuveke kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni. Mufunse zomwe zachitika, umve mayankhidwe ake. Munthu wamkulu akamalephera kumaliza chiganizo osapumira, akupuma ka 25 pa mineti kapena kuposa, mtima ukugunda ka 110 kupita m'mwamba, zinthu zavuta. Mankhwala a salbutamol asachedwe, kaya pa nebulaiza (makina osandutsa mankhwala kukhala nkhungu yoti wodwala apume) kaya pa inhela yolumikiza ku spesa (kachubu kothandiza wodwala kukoka bwino mankhwala opopera), chifukwa ndi amene amamasula timinofu tomwe tafinya njira za mpweya. Okosijeni akatsika, mpatse. Mankhwala a prednisolone amaphwetsa kutupa kwa m'kati, koma amatenga maola kuti agwire, n'chifukwa chake adokotala amafuna aperekedwe mu ola loyamba.

Pamene ophunzira ambiri amagwera ndi apa. Mluzu uja ukaleka, iwo amati wapeza bwino. Ngati waleka koma wodwala akufooka, akusinza, akubwebweta, milomo yasintha mtundu, ndiye kuti mpweya sukudutsanso. Itana dokotala pomwepo. Ndipo wobanika sapatsidwa mankhwala ogonetsa, ngakhale avute chotani.

Inu makolo, mwanditopetsa. Mwana akukuuzani kuti waona munthu akulimbana ndi imfa, inu mukumuwerengera ndalama za kunja? Kunjako mphumu ilikonso, ndipo amene sadziwa kugwira wodwala safunidwa kulikonse.

Iwenso usayembekezere kuti manthawo adzatheratu, kapena kuti satifiketi idzakubisa mu ofesi. Bwerera kuwodi, upemphe nesi wamkulu akuyeseze ndondomekoyi mpaka manja azichita okha. Poti unakumbukira kulira kwa chifuwa chija, maso ndi makutu a unesi uli nawo. Maliza teremu ino kaye, za kusiya udzandilembere pambuyo pake.