Njinga 200 ndi maphunziro a ntchito: Abusa, yambirani pa okonza

Abusa, zikomo pobweretsa funso limeneli pagulu pano. Mwati mpingo wina wa kunja womwe mumagwirizana nawo ukufuna kukuthandizani ndi njinga 200 zoti mugawe m'midzi komanso maphunziro a ntchito zamanja kwa achinyamata, ndipo akuti musankhe nokha: akutumizireni njinga zakale pa kontena, kapena akupatseni ndalama mugule kuno. Mukufunanso kudziwa poyambira.

Pemphani ndalama. Ndipo musanagule njinga ngakhale imodzi, dziwani kaye komwe masipeyala ake azichokera ndi yemwe azikonza. Njinga ya kumudzi sipuma: m'mawa yapita kuchigayo ndi thumba la 50 kg, masana yanyamula wodwala, madzulo yakatenga feteleza. Pomatha miyezi itatu imakhala ikufuna kale chubu, masipoko angapo ndi girisi. Zimenezi zikasowa pamsika wapafupi, njinga imakolekedwa kudenga, chotsala n'chithunzi cha tsiku logawa lija mu lipoti.

Vuto la njinga za pa kontena ndi kusiyanasiyana kwake. Tengani matayala okha. Njinga zakuda zija za mabuleki a zitsulo zimavala tayala la 28 x 1 1/2, lomwe rimu yake ndi ya mamilimita 635. Njinga zambiri za ku Ulaya nazo zimatchedwa 28, koma rimu yake ndi ya 622, ndiye tayala logula pamsika limakula, siligwira. Ma mountain bike akale ndi a 26, rimu ya 559, atsopano ena ndi a 27.5, rimu ya 584. Nambala yodalirika imalembedwa m'mbali mwa tayala, monga 40-635 kapena 47-622, ndipo ophunzira anu azolowere kuwerenga imeneyo. Mavalavu nawo ali mitundu itatu, Woods, Schrader ndi Presta, moti pampu imodzi siyingapope onse popanda kamutu kosinthira.

Kenako pali magiya. Kachitsulo kosinthira magiya kamene kamalendewera pafupi ndi tayala lakumbuyo kamapindika njinga ikangogwa kapena ikakola udzu, ndipo kakapindikira m'kati kamalowa m'masipoko n'kuthyola angapo nthawi imodzi. Mawaya a magiya amachita dzimbiri dzinja limodzi lokha. Felemu ya aluminiyamu ikang'aluka, wowotcherera wa pamsika sangaithe, pomwe yachitsulo amailumikiza tsiku lomwelo. Makaliyala ambiri a njinga zimenezi anapangidwira katundu wosapitirira 25 kg.

Ngati abale athuwo atolera kale njingazo ndipo n'kovuta kuwakaniza, apatseni malire. Atumize za felemu yachitsulo, za matayala a 26, zopanda masipuling'i kufoloko, ndipo mipata yotsala mu kontena adzazemo machubu, matayala, matcheni ndi zida. Zikafika muzigawe patatu: zoyenda, zofuna kukonza, ndi zophwasula kuti zikhale masipeyala. Chofunika kwambiri, kambiranani ndi a MRA, bungwe lotolera misonkho, kontena isananyamuke. Kukhala mpingo sikutanthauza kuti katundu alowa wopanda msonkho, ndipo kontena ikakhala kudoko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam ikudikira mapepala, ndalama yosungira imakwera tsiku ndi tsiku mpaka kuposa mtengo wa njingazo.

Mukalandira ndalama, gulani mtundu umodzi wokha. Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi njinga zakuda za 28 zija, zomwe masipeyala ake amapezeka pafupifupi pamsika uliwonse. Yachiwiri ndi Buffalo, yopangidwa ndi bungwe la World Bicycle Relief lomwe linayamba mu 2005. Imeneyi ndi yolemera, ya felemu yachitsulo chochindikala, kaliyala yake anaipangira katundu wa 100 kg, ndipo buleki yakumbuyo imagwira mukapalasa chobwerera, choncho palibe waya kapena labala woti azitha. Ndi yodula kuposa zinazo, koma imapirira. Musanaisankhe fufuzani kuti shopu yogulitsa masipeyala ake ili kutali bwanji ndi dera lanu, chifukwa zam'kati mwa habu yakumbuyo, chitsulo chapakati pa tayala chija, sizilowana ndi za njinga wamba. Kaya musankha iti, musathere ndalama yonse pa njinga. Kuli bwino mugule 160 n'kusunga ndalama ya 40 zotsalazo kuti igwire ntchito ya zida, masipeyala oyambira ndi maphunziro. Othandiza amakonda nambala yaikulu, ndiye mudzafunika kuwafotokozera mofatsa.

Tsopano za maphunziro, pomwe pagona nkhani yonse. Musagule njinga zomangamanga kale. Zibwere m'makatoni, ndipo ophunzira anu ndi amene azimange, mmisiri wodziwa ali pambali. Wophunzira amene wamanga njinga 30 ndi manja ake amakhala atadziwa zomwe sakanazigwira pomvera m'kalasi mwezi wathunthu. Sabata ziwiri zikukwana poyambira, kenako mphunzitsi aziwayendera kamodzi pamwezi kwa theka la chaka.

Njinga zotsika mtengo zimachoka kufakitale ndi girisi wochepa kwambiri, choncho ntchito yoyamba ndi kutsegula mahabu onse, kutsuka ndi palafini, kupukuta n'kuikamo girisi watsopano. Timipira tachitsulo ta m'katimo timasiyana kukula: kawirikawiri habu yakutsogolo imalowa ta 3/16 ya inchi, 10 mbali iliyonse, yakumbuyo ta 1/4, 9 mbali iliyonse. Aziwerenga potulutsa ndi pobwezera, ndipo asamasakanize takale ndi tatsopano, chifukwa katundu yense amakatsamira pa tatsopano tokha. Pomanga koni, kanati kopanikiza timipirato, wophunzira aliyense amalakwitsa chimodzimodzi: amamanga kwambiri poganiza kuti kulimba ndiye ubwino. Koni yothina imakumba mzere m'kapu ya habu, ndipo habu ikatero yatha basi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Nyamulani tayala, ikani valavu cham'mbali, musiye. Ngati koni ili bwino, kulemera kwa valavu kokha kumazunguza tayala pang'onopang'ono mpaka valavuyo itafika pansi, komanso mukagwedeza rimu cham'mbali siigwedera.

Masipoko ndiwo amapha njinga zonyamula katundu. Sipoko siduka chifukwa chothina, imaduka chifukwa chokhwepa: tayala likamazungulira imapindikapindika pakhosi pake, pafupi ndi habu, mpaka kuthetheka. Imodzi ikaduka, zoyandikana nayo zimasenza katundu wake, nazonso n'kutsatira. Ndiye asanapereke njinga, ophunzira amange masipoko onse mofanana, akumenya iliyonse ndi sipanala n'kumvetsera kulira kwake. Yolira mwabesi ndi yokhwepa. Powongola rimu azitembenuza kiyi pang'onopang'ono, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira nthawi iliyonse, akumanga mbali ina n'kumasula inayo. Kumbuyo ikani masipoko ochindikala a geji 13 kapena 12 m'malo mwa 14, bola mabowo a habu alole. Asaiwale lamba wa m'kati mwa rimu. Akasowa, mitu ya masipoko imaboola chubu kuchokera m'kati, mwini njinga n'kumangomata zigamba akudandaula za minga.

Kotapini, kachitsulo kogwira mkono wa pedulo, nayo imasokoneza ambiri. Imalowetsedwa ndi hamala, chitsulo kapena mtengo wolimba utachirikiza kunsi kuti nkhonya isapite ku timipira, ndipo nati ntchito yake ndi kungoigwira kuti isatuluke. Wofuna kuikoka ndi nati amangodula kotapiniyo. Yakumanja ndi yakumanzere ziyang'ane kosiyana, ina m'mwamba ina pansi, apo ayi mapedulo sakhala pamzere umodzi. Za 9 mm ndi za 9.5 mm zimaoneka zofanana m'maso, ndiye pokagula azitenga yakale. Pedulo yakumanzere imamangidwa chobwerera, ndipo woikakamiza njira ya nthawi zonse amawononga bowo lake.

Tcheni cha njinga yopanda magiya ndi cha 1/2 x 1/8, cha magiya ndi chopyapyala, 1/2 x 3/32 kapena kucheperapo. Chikamangidwa chizisewera pafupifupi sentimita imodzi mukachikankha ndi chala pakati. Kuti mudziwe ngati chatha, yezani ndi lula: pa chatsopano mipata 24 ya mapini imakwana mainchesi 12 ndendende. Chikatalika ndi 1/16 ya inchi sinthani, chikafika 1/8 ndiye kuti mano a sipuloketi nawonso adyeka, ndipo chatsopano chizingodumpha. Oyilo azithira kadontho pa pini iliyonse kenako n'kupukuta kunja. Tcheni chonyowa mbuu ndi oyilo wakuda wochotsa m'galimoto chimamata mchenga, ndipo mchengawo ndi umene umachidya.

Pomata chubu, chimene chimalephereka ndi kudekha. Palani pobowoka ndi sandipepa, pakani solushoni pang'ono, dikirani mphindi zisanu kuti aume, kenako ikani chigamba n'kusindikiza mwamphamvu. Chigamba choikidwa solushoni akadali wamadzi chimamatuka dzuwa likangotentha. Asanabwezere chubu, ayendetse chala m'kati mwa tayala kufunafuna munga womwe unaboola.

Muphunzitse anthu angati? Apa mipingo yambiri imaphonya chifukwa cha mtima wachifundo. Achinyamata 40 okonza njinga m'dera limodzi onse adzagona ndi njala. Pa njinga 160 mpaka 200, anthu 4 mpaka 6 akukwana, ndipo muwamwaze motalikirana, aliyense akhale pamsika, pachigayo kapena pasiteji ya akabaza, pomwe pamadutsa njinga zina zomwe si za pulojekiti. Ndalama yeniyeni adzaipeza kwa akabaza ndi ogulitsa makala, osati kwa olandira njinga zanu okha. Amisiri omwe akukonza kale pansi pa mtengo musawalambalale. Atengeni mmodzi kapena awiri muwaonjezere luso ndi zida, chifukwa ali ndi makasitomala kale ndipo sangathawire kutauni atangolandira bokosi la zida. Atsikana nawonso alowemo. Ntchitoyi imafuna khutu ndi kuleza mtima kuposa mphamvu.

M'bokosi la aliyense mukhale masipanala a 8 mpaka 17 mm, masipanala opyapyala a makoni a 13, 15 ndi 17, kiyi wa masipoko, chodulira tcheni, chomasulira fuliwilo, zovulira tayala, pulayala, hamala, felo, sikuludiraiva ndi pampu yabwino. Katundu woyambira akhale wa zinthu zoyenda msanga: machubu 20, matayala 6, masipoko 100, matcheni 5, makotapini 20, malabala a buleki, timipira ta saizi zonse, zigamba, solushoni ndi chitini cha girisi. Bokosilo likhale ngongole yofewa, kapena likhale la komiti kwa chaka choyamba. Ndipo masiku awiri a maphunziro apite ku kawerengedwe ka ndalama. Amisiri ambiri sagwa chifukwa chosadziwa kukonza, amagwa chifukwa chodya ndalama ya masipeyala ndi kukongoza achibale. Azikhala ndi kope, mtengo wa chinthu aulekanitse ndi mtengo wa ntchito, ndipo ndalama ya chubu chomwe wagulitsa ibwerere kukagula chubu china.

Achinyamata otsalawo apite ku ntchito zina, koma yendani kaye pamsika muwerenge matelala, akalipentala ndi owotcherera omwe alipo. Kuwotcherera kumayenda bwino ndi pulojekiti ya njinga, popeza makaliyala olimba, ngolo zokoka ndi njinga za ambulansi zonse zimafuna wowotcherera, kungoti kumafuna magetsi kapena jenereta. Pa ntchito ngati zimenezi lumikizanani ndi a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kuti ophunzira adzathe kuyesedwa n'kukhala ndi satifiketi yodziwika.

Za kagawidwe, Abusa, mundikhululukire ndinene mosabisa. Mndandanda usalembedwe kuvesitili. Kauzeni a khonsolo ya boma lanu, kenako mudzere ku makomiti a chitukuko a dera (ADC) ndi a mudzi (VDC) komanso kwa mafumu, ndipo mfundo zosankhira zilengezedwe pagulu: kutalika kwa mtunda wopita kusukulu kapena kuchipatala, ntchito yomwe njingayo ikagwire, ndi umphawi wa pakhomopo. Msilamu, wa mpingo wina ndi wosapemphera onse akhale ndi mwayi wofanana. Njinga ikakhala malipiro olowera mpingo, mudzadzaza mabenchi miyezi iwiri, koma mudzadanitsa mudzi, ndipo mafumu sadzakuthandizani tsiku lomwe njinga yabedwa. Akuluakulu a mpingo ndi mabanja awo asakhale pamndandanda woyamba, ngakhale atakhala oyenera.

Wolandira aliyense asaine pangano pamaso pa mfumu: njinga ndi ya komiti kwa zaka ziwiri, siigulitsidwa kapena kupinyolitsa, ndipo ikakwana nthawiyo ikugwirabe ntchito yomwe inaperekedwera imakhala yake. Ngati ndi ya mwana wa sukulu, makamaka mtsikana, kholo lisainenso kuti nthawi ya sukulu njinga ndi ya mwanayo, chifukwa kawirikawiri bambo kapena mlongo wake ndi amene amailanda. Lembani m'kaundula nambala ya felemu, yomwe nthawi zambiri imadindidwa kunsi, pomwe pamazungulira mapedulo, ndipo mupake nambala yanu ndi penti pa madigadi. Olandira akhale m'magulu a anthu 10 mpaka 15 oponya kandalama kochepa mwezi uliwonse monga amachitira ku banki mkhonde, koti kazigulira chubu kapena tayala. Ndalama imeneyi isakhudzane ndi chopereka cha mpingo, ikhale ndi buku lake ndi osaina awiri, mmodzi wa iwo asakhale wa mpingo wanu.

Pakatha mwezi umodzi chigawireni, itanani njinga zonse tsiku limodzi kuti amisiri amangenso masipoko, makoni ndi makotapini, chifukwa zatsopano zimakhwepa zikayamba kusenza katundu. Mubwerezenso mvula isanayambe ndiponso ikangotha, popeza matope ndi kuwoloka mitsinje zimatsuka girisi m'mahabu. Masiku omwewo muziwerenga njinga zomwe zikuyenda, zomwe zaima ndi chomwe chaziimitsa, komanso ndalama yomwe mmisiri aliyense wapeza pamwezi. Manambala amenewo ndi amene muzitumiza kwa othandiza pa miyezi 6 ndi pa miyezi 12, ndipo ndi omwe adzakuuzeni masipeyala oti muonjezere musanapemphe njinga zina.