Onana miyezi 9, Sinner miyezi 3: kodi ofufuza amaona nkhope?

Mnyamata wina wa ku Monkey Bay wandilembera pa imelo kuti iye ndi anzake anatsala pang'ono kugwirana m'makosi m'shedi yoonera mpira. Funso lake ndi lakuti: "Kodi ofufuza za mankhwala oletsedwa pamasewero sakondera? Bwanji wa ku Africa akagwidwa chilango chimakula, koma mzungu amangomusisita?"

Achimwene, ndakumvani, ndipo nkhaniyi inenso imandiwawa. Koma kukonderako sikuli pamene anzanuwo akuloza. Botolo la mkodzo limapita ku labotale ndi nambala chabe, lopanda dzina, ndiye woyezayo sadziwa kuti mwini wake ndi wa khungu lanji. Lance Armstrong, mzungu wa ku America, analandidwa zikho zake zonse 7 za mpikisano wa njinga wa Tour de France mu 2012. Maradona anamuthamangitsa pa World Cup ya 1994 dziko lonse likuona.

Vuto limayamba zotsatira zikatuluka. Lamulo la WADA, bungwe la dziko lonse lolimbana ndi mankhwala oletsedwa pamasewero lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limati chilichonse chopezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, kaya unamwa dala kaya mosadziwa. Kuti chilango chichepe, uyenera kuonetsa bwinobwino njira imene mankhwalawo analowera. Pamenepo ndi pamene thumba limayamba kulankhula.

André Onana, goloboyi wa ku Cameroon, ali ku Ajax anamupeza ndi mankhwala oletsedwa a furosemide. Iye anati anamwa piritsi la mkazi wake poyesa kuti ndi la mutu. Mu February 2021 anamuletsa kusewera miyezi 12, khoti la zamasewero la CAS linatsitsa kufika pa 9. Jannik Sinner wa ku Italy, katswiri wa tenisi, anapezeka ndi mankhwala oletsedwa a clostebol kawiri mu March 2024. Anati womusisita minofu anapopera mankhwala pa chala chake chomwe anadzicheka, kenako n'kumugwira. Maloya ake anathamanga m'masiku ochepa, mwana wa eni n'kupitiriza kusewera, ife n'kudzamva mu August. Anawina Australian Open ya 2025, kenako anagwirizana ndi WADA za miyezi 3, n'kubwerera French Open isanayambe. Sindikunena kuti Sinner ananama. Ndikunena kuti amene sanalakwe dala ali awiri, koma wina anakhala panja katatu kuposa mnzake, ndipo zimenezi sindingazitche chilungamo.

Komatu Onanayo ndi wamwayi, anali ndi Ajax kumbuyo kwake. Amene ndimamulirira ine ndi mwana wa kuno. Loweruka lapitali ndinali pa bonanza ina pafupi ndi boma. Goloboyi akudandaula chimfine, anatuma kamwana ku golosale, kanabwera ndi mapiritsi awiri okulunga m'kapepala. Anameza ndi madzi a m'jumbo osafunsa n'komwe dzina lake. Pambali mkulu wina akuzunguliza botolo la zitsamba, ati zopatsa mphamvu. Mankhwala ena a chimfine amakhala ndi pseudoephedrine, yomwe ikachuluka m'thupi tsiku la mpikisano ndi mlandu. Mwana ngati ameneyu akadzaitanidwa ku Flames n'kuyezedwa kunja, adzafotokoza chiyani? Loya wokamuimira ku Lausanne, komwe kuli CAS, adzamulipira ndani, bambo ake ogulitsa usipa?

Chokhacho, tisamabise akuba enieni m'chifundo chimenechi. Jemima Sumgong wa ku Kenya, yemwe anawina golide pa marathon ku Rio mu 2016, anagwidwa ndi EPO, mankhwala oletsedwa ochulukitsa magazi, chaka chotsatira. EPO salowa m'thupi mwangozi, amachita kubayitsa, ndipo amene iye anawabera ndi othamanga anzake a ku Africa konkuno.

Mwandiuza kuti mumathandiza timu ya achinyamata kwanuko. Gulani kope la sukulu, mwana aliyense akamwa mankhwala mulembe dzina la mankhwalawo, tsiku ndi kumene anagula, ndipo chikutiro chake musataye. Mukadzabwera ku boma mudzandionetse kopelo.