Kodi kukana chakudya ndi matenda a azungu okha?

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 16 wasiya kudya nsima, ndipo akadya pang'ono amathamangira kuchimbudzi kukasanza. Sanena kuti akuopa kunenepa, amangoti m'mimba mwadzaza. Apongozi anga akuti matenda odzimana chakudya ndi a azungu, choncho timugulire mapiritsi onenepetsa. Kodi akunena zoona?
Mayi wa ku Kapata, Chipata

Yankho: Mayi, maganizo a apongozi anu anali nawonso madokotala ambiri kwa zaka zochuluka. Dzina la matenda odzimana chakudyawa loti anorexia nervosa analipereka dokotala wa ku England, William Gull, mu 1873, ndipo matendawa ankaonedwa ngati a ku Ulaya ndi ku America, kumene kuonda kumatamandidwa. Kuno kwathu mkazi akanenepa timati akusungidwa bwino, ndipo chibwerere Edzi munthu akaonda anthu amayamba kunong'onezana za kaliwondewonde.

Komabe mawu a mwana wanu akundikumbutsa za ku Hong Kong, kumene Dr Sing Lee, cha m'ma 1980 ndi 1990, anaona atsikana owonda moopsa amene sankatchula n'komwe mantha a kunenepa, koma ankadandaula za kutupa m'mimba ndi kusowa chilakolako cha chakudya. Matenda anali omwewo, kungoti aliyense amafotokoza ululu wake m'mawu amene anthu akwawo angawamve. Musadikire tsono kuti anene yekha kuti akudziona wonenepa.

Ku Fiji, kumene thupi lodzaza linkasiririka monga kuno, wailesi ya kanema inafika m'dera la Nadroga mu 1995. Pofika 1998, Dr Anne Becker anapeza kuti atsikana a sukulu 11 mwa 100 alionse amene anafunsidwa ankadzisanzitsa kuti asanenepe, pamene mu 1995 panalibe ndi mmodzi yemwe. Ntchito imene inagwira kanema kumeneko, foni ikuigwira m'nyumba zathu lero.

Mapiritsi a pamsikawo musagule, chifukwa ena ndi ogonetsa ndipo sachotsa chimene chikumusautsa mumtima. Pitani naye kuchipatala akamuyeze TB, shuga, HIV ndi mimba, ndipo mukauze adokotala mosabisa za kusanzako, kuti ngati kuli kofunika amutumize kwa oona za matenda a maganizo ku Chipata Central Hospital. Ngati wasiya kusamba, akukomoka kapena mtima ukumugunda mosalongosoka, musagone naye pakhomo. Pakadali pano, apempheni apongozi anu asamukalipire pa nthawi ya chakudya.