Yankho kwa mayi wa ku Mbare: zinachitikapo ku Havana

Mayi wina wogulitsa ndiwo ku Mbare, mu Harare, wandilembera imelo. Akuti madola a ku America amene amalandira ndi ong'ambika, akuda bii, ena omata ndi selotepi, ndipo kumagolosale amawakana. Funso lawo ndi lakuti: "Bwanji banki yaikulu ya ku America osangotsegula ofesi kuno yoti tizisinthirako ndalamazi? Si zawo kodi?"

Mayi, maganizo anuwa si achilendo ayi. Zinachitikapo ku Cuba, ndipo akuluakulu a Federal Reserve, banki yaikulu ya ku America imene mukunenayo, anakangana kwambiri asanavomere.

Cuba m'zaka za m'ma 1920 inalibe banki yaikulu. Lamulo la mu 1914 linalola kuti dola ya ku America iziyenda limodzi ndi makobili a dzikolo, choncho ndalama zamapepala zimene anthu ankagwira zinali madola. Chuma chonse chinatsamira pa nzimbe. Mu May 1920 shuga anafika pa masenti 22 pa paundi (pafupifupi theka la kilogalamu), koma pofika December anatsika mpaka pansi pa masenti 4. Mabanki a eni dziko anagwa, ndipo a ku New York ndi ku Canada ndiwo anatsala ndi mphamvu. Madola akatha ntchito panalibe wowachotsa m'manja mwa anthu, monga mukuonera inuyo lero.

Dziwani kuti Federal Reserve si banki imodzi. Ndi mabanki 12 a m'zigawo, pamwamba pawo pali bungwe la ku Washington, ndipo iliyonse inkatulutsa madola okhala ndi chizindikiro chake. Madola ambiri a ku Cuba anali a banki ya ku Atlanta, chifukwa ndiyo yoyandikana ndi chilumbacho. Mu 1923 banki ya ku Boston, yotsogozedwa ndi W. P. G. Harding, inapempha kutsegula nthambi ku Havana, likulu la Cuba. A ku Atlanta anakwiya, poona kuti munda umene analima okha ukolola ndi wina. A ku New York, motsogozedwa ndi Benjamin Strong, sanagwirizane nazo. Panalinso funso la lamulo: linkalola maofesi akunja ogulira ndi kugulitsira zikalata za ngongole za malonda, koma kodi linkalolanso ofesi yoperekera ndalama zamapepala kwa anthu a dziko lina? Bungwe la ku Washington linagawa ntchitoyo pakati. Boston inatenga zotumiza ndalama pa telegalamu, Atlanta inatenga zobweretsa madola atsopano ndi kuchotsa akale. Maofesi onse awiri anatsegulidwa mu September 1923.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mkanganowu unali wa amene adye phindu ndi amene asenze chiopsezo. Wodula nzimbe, amene thukuta lake linkadetsa madolawo, analibe mpando pa zokambiranazo.

Chiopsezocho chinaonekera mu April 1926. Mphekesera zinabuka ku Havana kuti mabanki akugwa, anthu anathamangira kukatapa ndalama zawo, ndipo madola a mu ofesi ya banki ya ku Atlanta ija anachepa. A ku Atlanta analongedza madola mamiliyoni oposa 20 m'sitima yapadera ya pamtunda, ndi alonda a mfuti, ulendo wa ku Key West kunsonga kwa Florida. Kumeneko anawakweza m'sitima yankhondo ya boma la Cuba, ndipo mabanki potsegula Lolemba m'mawa ndalama zinalipo. Anthu mitima inakhala pansi. Koma lamulo linkafuna kuti pa madola 100 alionse amene banki yatulutsa, isunge golide wa madola 40, ndiye chipwirikiti cha m'dziko la eni chinagwedeza nkhokwe ya ku Atlanta. Boston inatseka ofesi yake kumayambiriro kwa 1927. Atlanta inapirira mpaka 1938, Cuba itayamba kale kusindikiza ndalama zake zamapepala mu 1934.

Tsono mayi, ofesi yotereyi bwenzi itakuthandizani pa vuto la madola ong'ambika, zimenezo sindikana. Koma simagawa ndalama. Dola iliyonse yatsopano imafuna dola ina yolowa m'malo mwake, kaya yakale kapena ya mu akaunti ya ku America. Dziko likamagula kunja zambiri kuposa zimene likugulitsa, madola amachepabe, ofesi ikhalepo kapena ayi. Ndiponso America inachita zimenezi ku Cuba chifukwa makampani ake anali ndi minda ya nzimbe ndi mabanki kumeneko, komanso lamulo la Platt la mu 1901 linkaipatsa mphamvu yolowerera m'zochitika za dzikolo. Mtengo wake unali ufulu wa Cuba. Zimbabwe inayamba kugwiritsa ntchito dola mu 2009 mwa kufuna kwake, popanda pangano loti America izisamalira ndalamazo. N'chifukwa chake ntchito yotumiza madola akale ku America ndi kuitanitsa atsopano ili m'manja mwa mabanki a komweko, ndipo iwo amawerengera mtengo wa ndege ndi inshulansi asanaigwire. Funso lanulo mukalifunse ku banki yanu ndi ku Reserve Bank of Zimbabwe, banki yaikulu ya dziko lanu, ndipo muli ndi ufulu wonse woyembekezera yankho.